Mutu 6: Tsiku Limene Tsabola Anatsitsa Mbendera

1. Uthenga wa a zanyengo

Nyengo yotentha inali itangoyamba. Sukulu zinali zitatsekera, ndipo maboti onse a padoko la bambo ake a Tsabola anali atapakidwa penti watsopano.

Tsabola anali mtsikana wa ku sekondale. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha pakamwa pake. Ukamuputa, ankakuyankha mawu oti uziwamvabe kuwawa mpaka mawa lake. Koma iye mwini sankafuna kusekedwa ngakhale pang'ono.

Bambo ake ankabwereketsa maboti ang'onoang'ono opalasa ndi nkhafi kwa anthu obwera kudzaona nyanja. Padokopo panali shedi yamalata, mlatho wamatabwa wolowa m'madzi, ndi unyolo wautali umene unkadutsa m'mphete za maboti onse n'kuthera pa loko wamkulu. Pafupi ndi shediyo panali mlongoti wa mbendera. Lamulo la pamalopo linali limodzi: mbendera yofiira ikakwera, loko satsegulidwa.

Sabata imeneyo bambo ndi mayi ake anali kumzinda, kumene bambowo anakachitidwa opaleshoni ya diso. Padoko panatsala Tsabola ndi amalume ake, mlongo wawo wa mayi ake, amene ankakonza maboti. Amalumewo anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo ankayenda motsimphina.

Lachinayi masana amalume anali kupala nkhafi yatsopano, wailesi ili pabenchi. Itakwana nthawi ya zanyengo, anaika pansi mpeni n'kukweza mawu.

"Nayi nyengo ya m'madera a m'mphepete mwa nyanja m'masiku akubwerawa," anatero muulutsi. "Mawa Lachisanu kutentha kupitirira, ndipo madzulo mphepo yamphamvu ikhoza kuomba kuchokera kumapiri. Loweruka kudzacha bwino, koma chakumasana mitambo idzakwera, ndipo pali mwayi waukulu wa mphepo yamkuntho ndi mabingu panyanja. Lamulungu kudzazizirirako, nyanja idzakhala bata. Eni maboti ang'onoang'ono akuchenjezedwa kuti asamale."

"Wamva?" anafunsa amalume.

"Ndamva, amalume. Koma anthu amenewa chaka chatha anatinamiza kangati?"

"Mawa dzuwa likapendeka ukweze yofiira," anatero iwo, n'kutolanso mpeni wawo.

2. Mphepo imene sinabwere

Lachisanu dzuwa litapendeka, Tsabola anakweza mbendera yofiira. Nsaluyo inangolendewera pamlongoti ngati thaulo lonyowa. Nyanja inali zii, yosalala ngati galasi.

Posakhalitsa kunafika anzake atatu a kusukulu. Patsogolo panali Shuga, mnzake wapamtima, mtsikana wofatsa woti aphunzitsi ankadabwa kuti amagwirizana bwanji ndi Tsabola. Pambuyo pake panali Kaputeni, wotsogolera timu ya mpira, ndi mnzake Mtali, amene ankachita kuwerama polowa m'kalasi.

"Tabwera kudzakwera," anatero Kaputeni. "Tipatseni lija loyeralo."

"Maso muli nawo," anayankha Tsabola, akuloza mbendera. "Kapena nawonso mwawasiya kubwalo la mpira?"

Kaputeni anayang'ana mbendera, anayang'ana nyanja. Kenaka ananyambita chala n'kuchiimika m'mwamba.

"Mtali, gwira chipewa chako! Chimphepo chimenechi chitiulutsa!"

Mtali anagwira mutu ndi manja onse n'kuyamba kudzandira ngati akukankhidwa. Anthu amene anakhala pamchenga anaseka. Ngakhale Shuga anabisa kukamwa ndi dzanja.

Atatuwo sanachoke. Anakhala pamlatho, miyendo ili m'madzi, mpaka dzuwa linatsika. Nthawi ndi nthawi Kaputeni ankacheuka n'kufuula, "Mayi Zanyengo, yafika pati? Yakwera basi yanji?" Alendo ena amene anabwezedwa nawonso anachoka akung'ung'udza. Mphepo sinabwere.

Tsabola anatsitsa mbendera n'kuiponya pabenchi m'shedi.

"Mwaona, amalume? Ndasanduka choseketsa tsiku lonse chifukwa cha wailesi yanuyo."

3. Mawu a amalume

Amalume anatola mbenderayo, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pashelefu. Kenaka anamuuza kuti akhale pa chitini cha penti.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga," anayamba motero. "A zanyengo sanati mphepo ibwera. Anati ikhoza kubwera. Mawu amenewo ndi awiri osiyana. Iwo amaona kuti zonse zofunika kuti mphepo ibadwe zilipo, koma ola lake ndi khomo limene ilowere sangakuuze. Lero yadutsa kwina, mwina kutsidya, mwina kuseri kwa mapiri. Ife taluza chiyani? Atiseka. Kusekedwa sikunagonekepo munthu m'chipatala.

"Ndipo za mawa sanati ikhoza. Anati mwayi ndi waukulu. Uzimva kusiyana kwa mawu, si iwe wa kusukulu?

"Nyengo ino ndi yachinyengo kuposa zonse. Mtunda watentha, koma madzi sanafunde. Pamwamba pokha ndiye pofunda, pongokwana kunyika mapazi. Ukamira mpaka m'khosi kutali uko, madzi ake ali ngati a m'firiji. Munthu wodziwa kusambira amayamba bwino, koma posachedwa manja amauma, zala zimakana kugwira. Anthu samira chifukwa chosadziwa kusambira ayi. Amamira chifukwa thupi lasiya kuwamvera.

"Chinanso, mphepo ya kumapiri siichokera kumene ukuyang'ana. Iwe umayang'ana kunyanja, iyo imatsika kumbuyo kwako. Imakankhira boti kutali ndi gombe. Ukati ubwerere, ukupalasa molimbana nayo, ndipo nkhafi ziwiri sizingaigonjetse. Ine ndaona amuna a mapewa ngati chitseko ichi akulira ngati ana.

"Ndiye mbendera ija sitiikwezera nyanja imene ukuiona. Timaikwezera nyanja imene ikubwera. Wina akakuseka, musiye aseke ali pamtunda. Wandimva?"

"Ndamva, amalume," anatero Tsabola, akukanda penti wouma pachitinipo ndi chikhadabo.

4. Loweruka

Loweruka kunacha bwino monga ananenera. M'mawa maboti anayenda pafupi ndi gombe, ana akukuwa ndi chisangalalo. Dzuwa lisanafike pamutu, amalume anaimba wezulo, maboti onse anabwerera. Anadutsitsa unyolo, anatseka loko, n'kukweza okha mbendera yofiira.

Boti lawo la injini linali litawonongeka, ndipo makaniko wa m'tauni anali atatumiza uthenga kuti chitsulo chake chapezeka.

"Ndikupita kukatenga," anatero amalume, akumupatsa makiyi. "Awa ndi a shedi, ukatseke mvula ikayamba. Wa lokoyo usamukhudze."

Atangokwera njinga yawo n'kukhota pamsewu, anzake aja anatulukira. Kumwamba kunali mbee. Kumapiri kokha ndiko kunali kamtambo koyera ngati thonje.

"Mayi Zanyengo, mwaswera bwanji?" anatero Kaputeni. "Lero mwatikonzera chiyani, chivomezi?"

Tsabola anakakhala pansi pafupi ndi shedi. Shuga anabwera n'kukhala naye pabenchi.

"Galimoto yonyamula katundu ibwera Lolemba," anatero Shuga motsitsa mawu. "Ababa asamutsidwa, unamva kale. Kumene tikupitako kulibe nyanja, kulibe ngakhale dziwe. Zaka zonsezi wakhala ukundilonjeza kuti udzandikweza boti."

"Bwera mawa. Akuti mawa kuli bata."

"Mawa tikumanga katundu. Amayi sangandilole kutuluka."

"Msiyeni," anatero Kaputeni. "Tsabola wake ndi wapakamwa pokha. Pano ndi wantchito wa amalume ake. Makiyi amupatsa ngati chidole choseweretsa, kutsegula sangatsegule."

Mtali anaseka. Tsabola anaimirira.

"Ukuti chiyani?"

"Ndikuti tingofika pamwala apo n'kubwerera." Kaputeni analoza thanthwe limene linkaoneka pakati pamadzi, pamene mbalame zinkatera. "Amalume ako asanafike n'komwe m'tauni, ife tabwera kale. Dzulo unatibweza, chinachitika n'chiyani?"

Tsabola anayang'ana kunyanja. Kunalibe ngakhale kafunde. Kumapiri sanacheukeko.

Anapita pamlongoti n'kutsitsa mbendera, poopa kuti anthu a pamchenga angafunse chifukwa chimene boti likutulukira yofiira ili m'mwamba. Kenaka anagwada pamlatho, analowetsa kiyi mu loko, n'kusolola unyolo pamphete ya boti loyera.

"Koma aliyense avale jekete," anatero, akutulutsa m'shedi majekete oyandamitsa. "Wosavala sakwera."

Anamumanga yekha Shuga malamba, n'kuwakoka mpaka mnzakeyo anati, "Ukundipha!" Mtali anavala yake, ngakhale inkamulekeza m'nthiti. Kaputeni anaivala mosamanga.

"Tiye nawe," anatero Shuga.

"Ndisiye doko lokha? Pitani. Mukangogunda mwalawo mubwerere."

Boti linanyamuka, Kaputeni akupalasa. Atangopitirira mapeto a mlatho, anavula jekete ija n'kuikhalira. Tsabola anafuula, koma iye anangomubayibitsa ndi dzanja.

Bambo wina amene anali ndi ana awiri anafika pashedi.

"Ndaona mbendera yatsika. Tingapeze boti?"

"Ayi, bambo. Kukubwera mphepo."

"Nanga awo?"

Tsabola anapita pamlongoti n'kukwezanso mbendera ija. Bamboyo anapukusa mutu, anagwira ana ake padzanja n'kumapita.

5. Mphepo

Choyamba kusintha chinali kuwala. Mchenga umene unkathobwa m'maso unazimirira. Tsabola anacheuka. Kamtambo kaja kanali katakula n'kukwirira mapiri onse, pansi pake pali bii.

Kenaka mbendera inadzuka. Inawongoka n'kuyamba kulira phaphapha, ikuloza kunyanja. Malata a shedi anayamba kugwedera. Ambulera ya mayi wina inazuka pamchenga n'kugubuduzika mpaka m'madzi. Anthu anatola ana ndi zikwama n'kuthamangira kumsewu.

Boti loyera linali litatsala pang'ono kufika pamwala. Tsabola anatenga wezulo ya amalume n'kuimba ndi mphamvu zake zonse, koma mphepo inangomeza kulirako. Anaona boti likutembenuka kuti libwerere. Anaona nkhafi zikukwera ndi kutsika mofulumira. Koma botilo silinkayandikira. Linkachepa.

Nyanja inasanduka yakuda, mafunde ali ndi thovu pamwamba. Nkhafi imodzi inasiya kuoneka. Boti linapingasa, linakwera pafunde, linatsika, linakweranso. Mvula itafika, inatseka zonse ngati chinsalu.

Pakhoma la shedi panali nambala ya apolisi a panyanja, yolembedwa ndi penti wofiira. Tsabola anaiimba.

"Boti lagwidwa ndi mphepo kupitirira pamwala wa mbalame. Muli anthu atatu."

"Latuluka padoko liti?" anafunsa wapolisi wa pafoni.

Tsabola anatchula dokolo.

"Avala majekete?"

"Awiri avala."

"Usachoke pamenepo."

Patapita kanthawi anamva kulira kwa injini yaikulu kuchokera kudoko la boma, koma sanaone kanthu. Anaima kumapeto kwa mlatho, mafunde akumumenya m'miyendo, mabingu akugunda pamwamba pake.

Amalume anamupeza pomwepo. Anali atanyoweratu, chitsulo cha injini chili m'thumba la pulasitiki. Anayang'ana mzere wa maboti amene ankagundana paunyolo, n'kuona mpata pamene panali loyera.

"Angati?"

"Atatu, amalume."

"Ndani?"

Anawatchula.

"Waimba?"

"Ndaimba. Apita kale."

Amalume anamugwira pamkono n'kumuchotsa pamlatho, chifukwa mphezi zinali zikung'anima pafupi. Anakaima naye pakhomo la shedi. Pamenepo anatambasula dzanja, ndipo Tsabola anawapatsa makiyi. Anawaika m'thumba la ovolosi yawo.

6. Funso la wapolisi

Mvula inakata msanga ngati mmene inayambira. Anthu anabwerera pamchenga, ambiri kuposa poyamba. Ambulansi inafika n'kuima pafupi ndi shedi.

Boti la apolisi linatulukira pang'onopang'ono. Loyera lija silinali kumbuyo kwake.

Woyamba kutsika anali Mtali, atafunda bulangeti, mano akugundana. Manja ake anali atapindika ngati akugwirabe chinthu, ndipo sankatha kuwatambasula. Kenaka anatsika Shuga, atagwiriziridwa ndi wapolisi wamkazi. Jekete ija inali ikadali pathupi pake, malamba ali chimangire.

Kaputeni anamutsitsa pa machira. Maso anali otseka, milomo itada. Namwino wa mu ambulansi anamuika chopumira kumaso n'kuthamanga naye.

"Ali moyo?" anafunsa wina m'gulumo.

"Akupuma," anayankha wapolisi wamkaziyo. "Boti litagubuduzika, mnzake wamtaliyu ndi amene anamugwira kolala mpaka tinafika. Wamwa madzi ambiri. Zina akanena ndi adokotala."

Ambulansi inanyamuka ndi anyamata awiriwo. Apolisi anamukhazika Shuga pabenchi ya m'shedi kuti adikire makolo ake.

Mkulu wa apolisiwo anali bambo wa imvi m'mbali mwa mutu. Anayenda pamlatho, anayang'ana unyolo ndi loko, anayang'ana mbendera yofiira imene inali ikudontha madzi pamlongoti. Kenaka anabwera pakhomo la shedi.

"Loko uyu sanathyoledwe," anatero. "Watsegulidwa ndi kiyi. Anatsegula ndani?"

Tsabola anatsegula pakamwa.

"Ndine, bwana," anatero amalume. Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi aja.

Wapolisiyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Inu, achikulire? Zaka zonse mwakhala padoko lino?" Anapukusa mutu. "Uthenga wa zanyengo wakhala ukuulutsidwa kuyambira Lachinayi. Ife tinauika pazikwangwani m'madoko onse. Anthu amaganiza kuti timachita zimenezi pofuna kuwaphera malonda, kapena kuwamana chisangalalo. Sadziwa kuti ndife amene timakagogoda pakhomo pa makolo. Ndife amene timaima pamenepo chipewa chili m'manja, mayi akutiyang'ana kukamwa. Apolisi anga atatu alowa m'mafunde amenewa lero, nawonso ali ndi ana kunyumba. Mwana akalakwa timati ndi mwana. Koma wamkulu amene wamva chenjezo, wakweza yekha mbendera, n'kutsegulanso loko, ameneyo tinene kuti chiyani? Mupemphere kuti mnyamata uja adzuke. Akapanda kudzuka, nkhani iyi isintha dzina."

Amalume anangowerama.

"Tiyeni ku ofesi. Doko lino latsekedwa kufikira titamaliza kufufuza."

Amalume anapempha kuti alankhule ndi mwana wa mlongo wawo. Anachotsa kiyi wa shedi pa mphete n'kumupatsa.

"Ulowetse nkhafi zonse, utseke. Njinga yanga uikankhire kunyumba. Bambo ako usawaimbire lero, diso silinapole, sayenera kudzidzimuka."

"Amalume, koma si inu..."

"Ndati ulowetse nkhafi."

Anatsimphina kupita kugalimoto ya apolisi, ovolosi ikudontha. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Mayi wina analavula pansi iwo akudutsa. Wina anati, "Nkhalamba yopanda chisoni, kuika ana a eni pamadzi tsiku ngati lino!" Tsabola, amene sankalola mawu kumudutsa osayankha, anaima chilili, kiyi ali m'manja. Galimoto inanyamuka n'kukhota pamsewu.

Dzuwa linatulukanso. Anthu anabalalika awiriawiri akukambirana. Tsabola anatola nkhafi zonse pamlatho n'kuzilowetsa m'shedi, kuziimika pakhoma monga ankachitira amalume.

Shuga anali akadali pabenchi, bulangeti lili kumutu. Anali atamva zonse. Panja panamveka hutala ya galimoto, ndi mawu a mayi ake akumuitana molira.

Anaimirira pang'onopang'ono. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Wapolisi wamkazi uja wati mawa m'mawa ndipite ndi ababa ku ofesi kwawo, ndikafotokoze zonse kuyambira pachiyambi," anatero. Mawu ake anali osasa. "Ine sindinanamizepo ababa, Tsabola. Akandifunsa kuti anatsegula loko ndani, ndikanene kuti chiyani?"